Lipoti la Mwezi wa Juni

Andiuza kuti lifike pa tebulo la bwana Lachisanu.
Zala zauma ndi chisanu cha m'phiri,
nkhungu yatsika mpaka pa mpanda wa polisi,
ndipo ine, Sajeni Kamtedza, ndatsegula buku lalikulu lija,
ndikuwerenga milandu ngati mbuzi zolowa m'khola.

Kuthyola nyumba: khumi ndi inayi.
Kuba njinga: isanu ndi iwiri.
Ndewu za kumowa: makumi awiri.
Mwezi watha inali yoposa apa.
Bwana adzamwetulira,
adzati umbanda watsika pa Dedza,
wina ku likulu adzajambula mzere wotsetsereka
n'kuupaka utoto wobiriwira.

Mzere umenewo sumudziwa Nanthambwe.
Amagulitsa kachewere kuseri kwa depoti.
Lolemba anamutsomphola kachikwama ka m'chiuno,
ndalama za matumba atatu.
Ndinamva kwa mkazi wanga, osati pa kauntala.
Nditamufunsa anangopukusa mutu:
"Ndisiye benchi tsiku lathunthu, a Kamtedza,
kuti mundipatse kapepala?
Kapepalako ndikaphikire ana?"

Sumudziwanso Likisho wa kabaza.
Anamutchingira ndi zikwanje usiku, njira ya ku Katsekaminga.
Njinga yamotoyo anaigula kutsidya kwa malire,
mapepala ake anali akadali "mawa, mawa".
Kudzadandaula kuno kukanakhala kudzimanga yekha.
Pano amasenza katundu mumsika,
chipsera chikuyambira pa khutu mpaka pa kolala.

Kwathu ku malayini khoma ndi limodzi ndi a neba.
Ndimamva mbale zikusweka,
kenaka wailesi ikwezedwa.
Mayiyo anabwera kamodzi, mu Epulo.
Ndinalemba mizere itatu.
Dzuwa lisanalowe ankhoswe anafika atavala majekete,
ati za m'banja sizitha ndi yunifolomu.
Pambali pa mizere ija ndinaonjezera mawu awiri:
mlandu wachotsedwa.
Wailesi imakwezedwabe.

Nanga mukufuna kudziwa chimene chinakweza nambala mu Meyi?
Tinali ndi mafuta.
Tinasesa depoti usiku uwiri,
anyamata makumi atatu m'chitokosi, mlandu vakabu,
ena anangogona pa matumba kudikira basi ya m'bandakucha.
Mwezi umenewo tauni yathu inaoneka ngati phanga la achifwamba.
Mwezi uno galimoto yakhala pa miyala,
tauni yasanduka ya angelo.

Ndipo pali akuba amene buku ili lilibe mzere wawo.
Sikelo ya venda wa soya imene imadya kilo pa thumba lililonse.
Foni imene imalira m'mawa, ati mwana wanu wadwala kusukulu,
tumizani msangamsanga.
Cholembera cha munthu wa taye.
Awa sathyola loko, sasiya mapazi pa dothi.

Uja anamugwira ndi foni ya mwini pamsika wa kaunjika,
anthu anaweruza okha, ndi zidutswa za njerwa.
Foni inabwerera. Mano sanabwerere.
Pa milandu iwiriyo, ndalemba uti?

Ndinene zoona, popeza muno ndili ndekha.
Sabata yatha bulangete langa linachoka pa chingwe,
masana, kuseri kwa nyumba ya wapolisi.
Ndinayang'ana bukuli, ndinayang'ana anzanga akumwa tiyi,
ndinaganiza za kuseka kwawo.
Ndikufunda chitenje cha mkazi wanga.

Sikuti bukuli limanama.
Limangodziwa mapazi amene anakwera masitepe athu atatu,
n'kupirira pa benchi mpaka dzina litaitanidwa.
Ena onse ali kunjaku, m'nkhungumu,
akugula loko wachiwiri,
akuweta galu amene sangathe kumudyetsa.

Ndaphatikiza. Makumi anayi ndi umodzi.
Ndapumira mpweya pa chidindo kuti inki ifewe,
ndadinda,
ndasaina pamene alemba kuti
zonse zili pamwambazi ndi zoona.